Ndevu za makala ndi pempho langa la chitengwa

Lolemba

Pulani ya sabata ino: Lamulungu ndikapemphe chitengwa kwa amalume ake a mkazi wanga. Chikamwini chandikwana kuno ku Nsanama. Wolima ndine, koma chimanga chikalowa m'nkhokwe ndi cha apongozi. Kwathu ku Utale malo alipo, akungomera tchire.

Zofunika:
- tambala wofiira uja, wa amalume
- buluku langa lakuda, lochapa, losita
- amake Upile akhale ofatsa mpaka Lamulungu, amalume aone kuti banjali lili ndi mutu

Amake Upilewo sindinawauze za chitengwa. Ndiwauza zikapsa.

Madzulo akundiuza kuti amayi a kutchalitchi akuchita sewero Loweruka, ndipo mwini nkhani ndi iwo. Akuti ndi la Angerezi akalekale, analimasulira aphunzitsi opuma aja, a Matola. Angerezinso amaseka? Ndifufuza.

Lachiwiri

Buluku lasowa pachingwe. Ndalipeza ku holo ya kutchalitchi, mkati mwake muli munthu. Munthuyo ndi amake Upile! Ndevu za makala mpaka m'makutu, akuyenda motang'adza ngati dalaivala wa lole.

"Bambo ake Upile, berekani mwanayu, nsalu ndi iyo."

Ndabereka. Ndikanatani, amayi onse aja akundiyang'ana?

Chondipweteka: buluku likuwakhala bwino kuposa ine.

Lachitatu

Ndakhala pabenchi yakumbuyo kuti ndimve mutu wake. Nkhani ili chonchi: mtsikana wachingerezi akukana mwamuna amene bambo ake amusankhira. Avala zachimuna, athawira m'tauni, ayamba kupusitsa amuna mmodzimmodzi.

Zimene sindikumvetsa:
- bamboyo ndani kuti asankhire mwana mwamuna? Malume ake anamwalira?
- sewero lonse palibe wogwira khasu. Amadya chiyani?
- ndevu zikasungunuka ndi thukuta amatani?

Ndafunsa aphunzitsi. "Kumeneko kalelo, mwana wanga, ukwati uliwonse unali chitengwa. Mkazi amasiya kwawo, amasiya ndi dzina lomwe."

Koma dziko limenelo! Popanda ngakhale tambala! Nanga mtsikanayo akuthawa chiyani? Izi zandizunguza tsiku lonse.

Lachinayi

Seweroli liyenera kuimitsidwa amalume asanalione. Ndapita kwa apongozi aakazi, ndanjuta chapatali monga mwa ulemu, maso pansi. Ndayamba mozungulira: kuti mkazi wapabanja, pagulu, buluku la mwamuna wake...

"Iyayi, musadandaule bambo. Linali lalitali, ndalidula kale miyendo."

Alidula!

Ndisanapume akuwonjezera kuti bambo wa m'seweromo ndi iwowo. "Chipewa chanu chija chili kuti?"

Chipewa chapita.

Lachisanu

Amake Upile akuloweza mawu awo uku akuchapa matewera. Akumenyetsa thewera pamwala: "Ine sindine thumba la chimanga, loti mungolikweza panjinga n'kupita nalo komwe mwafuna!" Maso ali pa ine. Mwina n'chifukwa choti pabwalo ndinalipo ndekha.

Masana ndakumana ndi aphunzitsi pamsika, ndawayamikira za thumba la chimangalo, kuti Angerezi amadziwa kuyankhula. Akuti mawu amenewo m'seweromo mulibe.

Mulibe!

Ndiye amva kwa ndani? Ine ndinangofunsa mwini ngolo ngati ng'ombe zake zingafike ku Utale ndi bedi ndi kabati. Ndayiwala kuti mkazi wake ndi amene amaimba ng'oma m'gulu lomwelo.

China chondidetsa nkhawa: Upile samaphethira amake akavala ndevu. Kodi makanda amasunga zimene aona?

Loweruka

Holo yadzaza, ena akusuzumira m'mawindo. Amalume ali benchi yakutsogolo. Ine ndaima kukhomo, mwana kumbuyo.

Apongozi alowa ndi chipewa changa, mimba ya pilo: "Ndine bambo wako, ndalamula!" Holo yonse yaphulika. Amayi ena aimirira: "Mkamwini wamwano uyu! Mwana ndi wake? Mupatseni nkhwangwa yake azipita kwawo!" Aphunzitsi akukweza manja kuti uyu si mkamwini, ndi bwana wa ku Mangalande, nyumbayo ndi yake. Palibe akumva. Ena atembenuka kuyang'ana ine.

Amalume akuseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala.

Koma zoona ndinene: amake Upile akutha. Pamene anamugwira mkwati wokakamizayo pakhutu n'kumutulutsa, ndinapezeka ndikuwomba m'manja, mwana n'kudzuka.

Mathero awasintha. Mtsikana wasankha mwamuna wake yekha, kenako wamupatsa khasu n'kumulozera munda wa amake. Aphunzitsi agwira kumutu: "Sizinalembedwe choncho!" Nthungululu mpaka kumsewu.

Lamulungu

Ndapitabe. Buluku likuthera m'akatumba, tambala kukhwapa. Amalume alandira tambala ndi manja awiri, amvetsera zonse osandidula.

"Nkhani yabwino, amwene. Nanga mwini wake wati chiyani?"



Awaitana amake Upile. Agwada mwaulemu wonse, makala akadali pang'ono kunsi kwa khutu. "Amalume, kundifunsa sanandifunse. Anafunsa ng'ombe. Akandifunsa bwinobwino ndiyankha, mwina tikakolola. Ndikaonenso kaye mjigo uli patali bwanji ku Utaleko."

Basi. Tambala tadyera limodzi, ine andipatsa khosi. Mawa ndikapalira munda wa apongozi.

Amake Upile sanakane, izo ndaona. Vuto ndi mafunsidwe ake, palibe anandiphunzitsapo. Aphunzitsi akuti m'masewero a Angerezi mwamuna amagwada bondo limodzi. Ndayeserera kuseri kwa khola. Bondo lalowa m'ndowe, mbuzi zasiya kudya.