Chigongono Chaulemu

Mpaka lero kuli mkulu wa mpingo wina ku Thekerani amene akangondiona ndanyamula jagi ya madzi amayamba kusuntha mpando. Sindiwadandaula, ali ndi chifukwa chake. Koma ndineneretu: ngati mukudikira kuti nkhaniyi ithere pa kulapa, pepani, ine sindinalape.

Nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi pa Boma. Amuna anga, bambo a Tadala, anali atangokwezedwa kukhala oyang'anira fakitale ya tiyi pa esiteti ina. Udindowo unabwera ndi nyumba ya tchumuni komanso ufulu wolowa ku kalabu ya mabwana. Kumeneko akazi tinkangokhala pakhonde, kuluka ndi kujeda. Kujeda ndimatha ndithu, koma maso anga anali pa bwalo la tenisi. Kwathu ku Ntcheu ndinali woopedwa pa mpira wa manja, ndipo thupi linali lisanaiwale.

Mayi wina wachizungu pobwerera kwawo anandisiyira raketi yake ya mtengo, yolemera ngati mpini wa khasu. Ndinayamba kusewera Lamlungu lililonse masana ndi mayi Gondwe, akazi awo a injiniya. Bambo a Tadala sizinawakomere. Akuti mayi wa ana atatu, mphunzitsi wathunthu, kumathamangitsana ndi kampira anthu othyola tiyi akuonerera pa mpanda, dziko likupita kuti? Ndinawayankha kuti miyendo ndi yanga. Titakangana mokwanira anati, "Sewerani. Koma tsiku limene mudzavulale, chimtengo chanucho ndidzachiponya mu boyila ndi manja angawa." Boyila ndi ng'anjo ija ya ku fakitale imene imameza nkhuni za bulugama osakhuta. Ine ndinawaseka.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuwamba, chigongono cha kumanja chinayamba zake. Poyamba chinkangonyerenyetsa ndikamenya mpira. Kenako kutsegula chitseko kunali nkhondo, kulemba pa bolodi nkhondo, kufinya zovala ndiye misozi. Choipitsitsa chinali moni wa m'manja. Anthu a kuno akakugwira dzanja amaligwedeza ngati akupopa mjigo. Ndiye kuti ndisakuwe, ndinkachirikiza chigongonocho ndi dzanja lamanzere, n'kuwerama pang'ono poluma mano.

Mukudziwa kale kuti kupereka moni chomwecho ndi ulemu waukulu. Ine ndinkatero kwa aliyense: a hedi, alonda a pageti, wogulitsa nthochi, ngakhale ana a folomu wani. Mbiri inakafika ku Thekerani kwa apongozi anga kuti Mngoni wawo uja, amene ankapereka moni ngati msilikali, wafewa mtima tsopano. (Apongozi angawo ndi a Sabata enieni. Tiyi salawa n'komwe, ngakhale mwana wawo amadyera momwemo.)

Ndinkafuna katswiri, koma mwakachetechete, poti raketi yanga inali pakamwa pa moto. Ku kiliniki ya pa esiteti sindikanaponda. Adokotala ake ankasewera bawo ndi bambo a Tadala madzulo alionse, ndipo pa bawo palibe nkhani imene imagona. Ndinakwera minibasi kupita ku kachipatala kena komwe sankandidziwa. Ndinawanamiza kuti ndi choko, kulemba kwambiri. Anandipatsa panado n'kundiuza kuti ndichepetse manotsi.

Apa m'pamene mayi Gondwe anandinong'oneza za a Likhutcha, dokotala wa timu ya mpira ya pa esiteti. Ndi aja ankathamangira m'bwalo ndi ndowa ya madzi wosewera akagwa. Tinakumana kuseri kwa shedi yoyezera masamba a tiyi. Nditawafunsa kumene anaphunzira udokotala, anangoti osewera awo onse amadzuka. Ndinayenera kuthawa pomwepo, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anandiuza kuti ndikumbatire mtengo ndi dzanja lamanzere, iwo n'kugwira lamanja, kukoka ngati akuzula chinangwa. Ndinaona nyenyezi masanasana. Atatero anandipaka mankhwala otentha aja, n'kumanga chigongono ndi mphira ya chubu cha njinga. Anati ndisamasule mpaka Sabata litadutsa.

Lachisanu lomwelo apongozi anatulukira, atatsagana ndi a Mulipa, mkulu wa mpingo wa kwawo. Anabwera kudzaona ndi maso awo chozizwitsa cha mpongozi wosandulika. Loweruka titabwera kopemphera, ndinavala bulauzi ya mikono yaitali, kunja kukutentha chonchija, kubisa chubu chija. Zala zinali zitatupa, zitachita dzanzi. Chakudya chili patebulo, apongozi anandiyang'ana mwachikondi (chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chikwatiwire), n'kunena kuti ndisambitse alendo m'manja.

Ndinagwada. Beseni kumanzere, jagi yodzaza kumanja. A Mulipa anatambasula manja, atavala thalauza lawo loyera la pa Sabata. Nditangopendeka jagi, chigongono chinakana ntchito. Madzi onse, ndi jagi yomwe, anathera pamiyendo pawo. M'beseni simunagwe ngakhale dontho.

A Mulipa, munthu wa Mulungu, anaimirira thalauza likuchucha, nati palibe kanthu mayi, kunjaku kwatentha kale. Apongozi anathamanga kudzandidzutsa, ndipo mwa malo onse a thupi langa anasankha kugwira pa chigongono. Mkuwo umene ndinatulutsa unathamangitsa agalu kukhonde. Anapinda mkono wa bulauzi, chubu chili poyera, fungo la mankhwala a mpira lili guu m'nyumba monse. Manyazi amene ndinachita sindinawachitepo. Apongozi anafunsa ngati ulemu wonse uja unali umenewu. Ndinavomera kuti unali womwewu.

Bambo a Tadala sanakalipe. Anangoti, "Boyila ikudikira." Apa mtima wa kwathu unadzuka. Ndinawauza pamaso pa amayi awo, ndikadali chogwada m'madzimo, kuti raketi ayitenga ndikabwerako ku Blantyre, kwa dokotala weniweni, wa mapepala ake.

Chinsinsi chikaululika, kufunsa kumaphweka. Mphunzitsi wa zamasewera pa sukulu pathu (amene ndinkamupatsa moni waulemu tsiku ndi tsiku osamufunsa kanthu) anandilozera kwa mayi wina, katswiri wa mafizo, amene ankathandiza othamanga ndi ankhonya. Anati ndinyamule chimene ndimasewerera. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe raketi ili pamiyendo, kondakitala n'kumandifunsa ngati sefa imeneyo ndi yogulitsa.

Nditalowa mu ofesi ya mayiwo ndinayamba kaye ndawerenga masatifiketi onse a pakhoma. Kulumidwa ndi a Likhutcha kunandiphunzitsa. Mayiwo anandifunsa mafunso amene wina aliyense anali asanandifunse: ndimaigwira bwanji raketi, ululu umabwera pomenya chotani, unayamba liti. Anadina ndi chala chimodzi, ine n'kudumpha. Za chubu zija atazimva anagwira kumutu. Kenako ananyamula raketi yanga, kuiyeza m'manja, n'kuyamba kuseka.

"Mayi, chakuvulazani ndi ichi. N'cholemera, ndipo chogwirira chake n'chachikulu kuposa dzanja lanu."

Ndinafunsa mtima uli m'mwamba ngati ndiye kuti tenisi yatha.

"Ayi. Mupume kaye, muchite mafizo amene ndikuonetseniwa, mupeze raketi yopepuka. Iyi ndi nkhuni, mukasonkhere moto."

Ndinawapempha kuti abwereze mawu omalizawo, ndipo anabwereza.

Madzulo ake ndinagwada pamaso pa bambo a Tadala n'kuwapatsa raketi ndi manja awiri. Kugonja kotereku kunawadabwitsa, mpaka chisoni chinawagwira. Anayamba kuyankhula zoti mwina tingoisunga pamwamba pa wadilopu, bola isamatsike. Ndinakana. Ndinati mwamuna mawu ake amakhala amodzi, anthu angamawaone bwanji? M'mawa mwake anainyamula pansi pa khwapa, n'kukaiponya mu boyila antchito akuonerera. Ngati munamwa tiyi wa ku Thyolo chaka chimenecho, mwina wina anauma ndi raketi yanga.

Dzinja lonse ndinalimbikira mafizo, kupotokola thaulo ndi kunyamula kachitini ka nyemba ngati wamisala, ana akundiseka. Mvula itakata, Lamlungu lina masana ndinali pa bwalo ndi mayi Gondwe. M'manja ndinali ndi raketi yopepuka imene ndinagula ku Limbe tsiku lija lomwelo, n'kuisunga mu kabati ya ku sukulu. Sipanatenge nthawi, bambo a Tadala anatulukira pa mpanda.

"Mayi a Tadala, kodi si tinathana nazo izi?"

"Inu munalonjeza kutentha, ndipo munatentha. Ine sindinalonjeze kanthu."

Anaima pamenepo, manja m'thumba. Mayi Gondwe, mwina chifukwa cha mantha, anamenya mpira mopyola, n'kukagwera pa mapazi pawo. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, kuutola, n'kundiponyera.

Chigongono chinachira, ndipo moni ndinayambiranso kupereka ngati msilikali. Zimene ndinataya ndi za ku Thekerani. Pa zaka zonse za banja langa, apongozi anandinyadirapo nyengo imodzi yokha, ija ndinkaluma mano ndi ululu. Mpaka lero akamandidandaula amati, "Koma mkono uja ukanapweteka mpaka kalekale."