Chinangwa cha a Gervazio

Ku Vubwi konse kunalibe munthu wodziwa kukana ngati malemu a Gervazio. Utsi uli tolotolo m'mphuno, maso ali psuu, koma ukawafunsa chimene akusuta, yankho linali limodzi: "Chinangwa, mwanawe."

Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo Boma la Angerezi silinkanyengerera pa nkhani ya chamba. Akakupeza nacho, kaya m'munda kaya m'thumba, unkalipira faindi kapena kukaphwanya miyala kundende ya ku Fort Jameson. A Gervazio lamuloli ankalidziwa bwino, n'chifukwa chake mbewu ya m'dimba mwawo anaibatiza dzina latsopano.

Tsiku lina kunabwera mesenjala wa Boma, Samuel, wa nsapato zolira. Anaima m'dimbamo nathothola tsamba.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Chinangwa."

"Nanga pansi pake bwanji palibe kanthu?"

"N'chaulesi chimenechi. Chimabereka masamba okha."

Samuel sanakwiye. Anaitana akazi a Gervazio, a Idah, nawalamula kuti asinje masambawo, awaphike ngati chigwada, athiremo nsinjiro. Mudzi wonse unasonkhana kudzaonerera nkhalambayo ikulimbana ndi mphika, chikoti chili pamsana. Anamaliza, nanyambita chala, nadandaula kuti mchere unachepa. Kenako anagwada pamaso pa mbuzi n'kuyamba kuipepesa. Samuel anaseka mpaka kuiwala kuwamanga, ndipo ana analondola a Gervazio masiku ambiri akulira ngati mbuzi.

Musawamvere chisoni msanga. Amene anawaneneza anali mlamu wawo, a Abraham, mlongo wa a Idah, mkulu wa mpingo wa Dachi. A Gervazio anangodikira dzinja. Mvula yoyamba itagwa anakamwaza njere za chamba m'munda wa mlamu wawoyo, ndipo mbewu itafika m'chiuno anakanong'oneza apolisi. A Abraham, munthu wosalawapo ngakhale fodya wamba, anatengedwa ali mu unyolo, akazi awo akugubuduka m'fumbi. A Gervazio anaima m'mbali mwa njira, chipewa chili m'manja.

"Muyende bwino, alamu. Mukawauze kuti n'chinangwa."

A Abraham anabwerako atawonda, ukulu wa mpingo utawathera, ndipo ulendo uno anatsogolera okha apolisi mpaka pankhokwe ya a Gervazio. Kukhoti, mzungu woweruza anafunsa kudzera mwa womasulira ngati akuuvomera mlandu.

"Abwana alawe okha," anatero a Gervazio. "Akoke kamodzi. Akakhuta, n'chinangwa. Akamva njala, andimange."

Womasulira sanasiye liwu ngakhale limodzi. Mzungu anafiira makutu, nagamula ndende ndi ntchito yakalavulagaga.

Anthu opita ku Katete anawaonapo m'gulu la akaidi okonza msewu waukulu, msana utapindika, akutsokomola. Ena ali pa lole ankawaponyera makoko a chinangwa. Akuti ankawatola n'kudya.

A Gervazio sanabwerereko. Uthenga unafika akaidi anzawo atawaika kale, ndipo manda awo palibe wa kuno amene anawaona. A Idah anazula dimba lonse nabzalamo mpiru, osayankhulananso ndi mlongo wawo mpaka a Idahwo anamwalira.

Masiku ano pamowa anthu amamwa mwaulemu, n'kubalalika dzuwa lisanalowe. Wina akayambitsa nkhani ya a Gervazio, timaseka ndithu mpaka pa za kukhoti. Ikafika pa za kumsewu, a Abraham, amene anaphunzira kumwa atatuluka kundende, amatula chipanda chisanathe n'kunyamuka, ndipo palibe amene amawaitana kuti abwerere.