Zilembo Zopanda Michira za a Kachiwanda

A Lyson Kachiwanda anamwalira ali ndi zaka 78. Anali wolemba zikwangwani wa pa Nsaru, komanso mkulu wa mpingo wochotsedwa paudindo. Chimene ankadziwika nacho n'chimodzi: sankalemba chilembo cha mchira. Zilembo zawo zinali zoongoka, zosanenepa uku n'kuwonda uko, zopanda timapazi pansi kapena tokhotakhota pamwamba. Mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake ankayeza ndi chala chachikulu, ndipo chala chimenecho chinayeza Nsaru yense.

"Chilembo ndi mthenga," ankatero. "Anene zimene wamutuma basi. Ukamuveka ndolo, anthu amayang'ana ndolozo."

Edina atatsegula saluni anawapempha kuti zilembo zipotane ngati tsitsi, m'mbali muli timaluwa.

"Kodi ukuluka tsitsi kapena ukugulitsa maluwa?"

"Komatu agogo, zilembo zanuzi zimakhala ngati za kuchipatala."

"Nanga kuchipatala anasocherako ndani?"

Edina analandira zilembo za kuchipatala.

Akamaliza ntchito sankaipereka pomwepo. Ankaimika thabwalo m'mbali mwa msewu, n'kuuza wakabaza kuti adutse akupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Akalephera kuwerenga asanapitirire, iwo ankafufuta zonse n'kuyambiranso, mwiniwake kaya alire. Motero zilembo zomwezo zinali pabuchala, pachigayo, kwa okhoma mabokosi a maliro, ndi pabala ya a Chakufwa.

Bala imeneyo ndiyo inawaika m'mavuto. Mpingo utamanga tchalitchi chatsopano, a Kachiwanda analemba chikwangwani cha dzina ndi nthawi za mapemphero. A Caleb Mphonde, mlembi wa seshoni, khoti la akulu a mpingo, anaona kuti zilembozo n'zofanana ndendende ndi za kwa a Chakufwa. Anapita m'tauni n'kukasindikizitsa china pakompyuta, cha zilembo zagolide, zaminyanga ndi zamithunzi kumbuyo. Kenaka seshoni inaitana a Kachiwanda.

"Akulu anzanga," anatero a Mphonde, "nyumba ya Mulungu ndi malo a mowa zivale malaya amodzi?"

"Chilembo sichimwa mowa," anayankha a Kachiwanda. "Sichipempheranso. Opemphera ndinu."

"Ulemu, bambo! Zinthu zopatulika zimafuna zilembo zaulemu."

"Ndiye tiyeni panja tikaone ulemuwo."

Anatsamiritsa zikwangwani ziwirizo pakhoma, n'kutsogolera seshoni yonse mpaka kumsewu. Amayi a chigwirizano amene ankasesa pabwalo anaika matsache pansi. A Kachiwanda anaitana mayi Kettie, amene maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga.

"Mayi, werengani chakumanzerecho."

Mayi Kettie anawerenga chonse, mpaka nthawi ya Sande sukulu.

"Nanga chakumanjacho?"

"Chimenecho ndi cholemba, eti? Ine ndimayesa mpanda wa minga."

A Mphonde anati vuto ndi ukalamba, awerenga okha. Anatsinzina diso limodzi. Anasendera. Anavula magalasi, anawapukuta, anasenderanso. A Kachiwanda ankawerenga mapazi mokweza ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Pamene a Mphonde ankatchula liwu loyamba n'kuti atatsala pang'ono kulinunkhiza thabwalo, ndipo mayi wina analephera kudzigwira, anaimba nthungululu.

Nthungululu imeneyo ndiyo inawadyera a Kachiwanda ukulu. Seshoni inagamula kuti anyozetsa mlembi pamaso pa amayi. Apepese, ndipo aike michira pa zilembo zawo, apo ayi atule pansi udindo.

"Ukulu munandipatsa ndinu, tengani," anatero a Kachiwanda. "Burashi ndinagula ndekha."

Musaganize kuti sizinawapweteke. Zaka makumi awiri ndi zinayi anakhala akuyendetsa mbale ya Mgonero m'mizere ya tchalitchi. Tsopano ankakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira.

Mayi Febe, akazi awo, anayesa. "Bambo, kamchira kamodzi kokha kangakupheni?"

"Sikangandiphe ine. Kangasocheretse mlendo."

"Mlendo wake uti? Tonse timadziwa pamene pali tchalitchi."

"Ndiye chikwangwani si chathu. N'cha amene sadziwayo."

Mayi Febe anawasiya. Koma amanena kuti Loweruka lililonse la Mgonero ankawapeza akusita jekete yawo ya ukulu, mosamala, mpaka m'makhwapa. Akamaliza ankaipachikanso pamsomali, m'mawa n'kuvala juzi. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Abusa atsopano atabwera anawauza kuti liwu limodzi lopepesa likwanira, za michira ziiwalike. Iwo anati akaliganizira. Anamwalira akuliganizirabe.

Masiku ano zikwangwani za pa Nsaru zimachokera m'tauni, zosindikiza papulasitiki, zamitundu isanu ndi iwiri. Dzuwa likaziwomba miyezi itatu zimayera mbuu. Ofuna malo amaimitsa njinga n'kufunsa anthu, ndipo palibenso wokalipira munthu chifukwa cha chilembo.

Chagolide chija chili m'kabati muvesitile, chipinda cha abusa ndi akulu a mpingo, palibe anachikhomapo. Cha a Kachiwanda chikadali pakhoma la tchalitchi. Seshoni sinawabwezere udindo wawo.