Mwana Nambala 40

Anzanga, usiku wathawu ndinalota ndalowa ndi njinga yanga m'kompyuta ya kuchipatala, kukalemba dzina la mdzukulu wanga wakhanda, Sekerani. Mkatimo maina a ana anali atagona m'mizere ngati mbatata. Pamzere wa wathuyu panangolembedwa kuti Mwana Nambala 40, ndipo dzuwa likangolowa, limenelo likhala dzina lake mpaka imvi.

Ndiye ndinatola cholembera, cholembera n'kudzipinda.

"Ndisiyeni agogo," chinatero. "Inu muli m'gulu la oonerera."

"Iwe, dzinali ndamutcha ndine!"

"Pepani. Kuno sitifunsa kuti ndinu yani. Timafunsa kuti muli gulu liti."

Ndiye ndinapita kwa kalaliki kukadandaula. Mwadzidzidzi kalalikiyo anasanduka birimankhwe, tayi ili m'khosi, diso lina kwa ine, lina kudzuwa.

"Bambo Mbewe," anatero mosafulumira, "chilolezo timachipereka kugulu, ngati wilibala ya kalabu. Mwalowa gulu, muikankha. Mwatuluka, muisiya. Oonerera amangoona, olemba ndi awo, ofufuta ndi awo."

Ndikacheuka, olemba ndi nkhuku zikupalasa, ofufuta ndi mbuzi ziwiri zikutafuna mapepala mwaulemu.

"Nanga wolowetsa anthu m'magulumu ndani?"

Ndiye analoza ndi lilime. Pampando wandalema panakhala mayi akunyumba, Nachisale, makiyi ali pansonga ya chitenje, akusenda mtedza.

"Nachisale, ndilowetseni kwa olemba."

"Inu? Amene dzana munaitana mbuzi ndi dzina la mwana wathu woyamba?"

"Zinafanana mayendedwe."

Anaseka mpaka mtedza kutayika. Apo dzuwa linali litafika pamutu pa nkhokwe, njinga yanga n'kuthamanga kukalitchinjiriza ndi handulo.

"Chabwino," anatero Nachisale. "Ndakulowetsani, koma kwa dzina limodzi lokha. Mukatha mubwerere kwa oonerera, n'kumene mumakoma."

Ndiye cholembera chinawongoka, n'kuti, "Takulandirani agogo." Ndinalemba chilembo chimodzichimodzi, Nachisale atandigwira chigongono. Nditamaliza, mzere uja unatsegula timaso n'kuyetsemula.

Mwadzidzidzi ndinamva kwee, kwee, kwee. Linali tsache la Nachisale pakhonde.

"Dzukani bambo, kusikelo ndi lero," anatero pawindo. "Munyamule kabuku ka mwana. Cholembera ndasunga ine."