Makadi Obiriwira a Chinkhoswe cha Esinati

Lolemba

Lero mbiri ya banja lathu ikusintha, ndipo woisintha ndine. Loweruka kuli chinkhoswe cha Esinati, mwana wa achemwali anga, ndipo abale, poona nzeru zanga zikutayikira pansi, andipatsa udindo woyang'anira zonse. Chabwino, ena onse anakana. Komabe andipatsa.

Vuto n'loti anthu anga ndi omwazikana ngati nandolo wothetheka padzuwa:

Achemwali, mayi wa mwanayo: ku Joni, afika Lachisanu.
Esinati: ku Limbe, pa saluni.
Achimwene Dayisoni: ku esiteti ya tiyi.
Alamu Juwawo: ku Milanje, tsidya la malire.
Amalume a Nampeya, nkhoswe yaikulu: ku Milonde.
Ine: pa Chonde, m'kashopu kanga kotchajira mafoni. Likulu!

Kale ndikanayenda mpaka nsapato kupempha madzi. Koma kasitomala wina, amene amagwira ntchito ya ku Ulaya ali pakhonde pake, wandionetsa apu yomwe mabwana amayendetsera antchito akutali. Ntchito iliyonse ili ndi khadi lake, lolembedwa dzina la mwini. Ukachedwa khadi limafiira, onse n'kumaona. Ukamaliza umadina, n'kubiriwira. Basi! N'chifukwa chake azungu sakalamba.

Ndagawa. Dayisoni, tenti ndi mipando. Juwawo, mpunga. Achemwali, kupeza amayi ofulula thobwa. Amalume, makadi awiri: kubweretsa msoti wosinthana ndi tambala wa akuchimuna, ndi kufika iwo eni. Langa ndalemba ndi zilembo zazikulu: KUYANG'ANIRA ZONSE.

Esinati akufunsa: "Ankolo, agogo a Nampeya mwakawauza pamaso?" Ana a masiku ano kutsalira! Aphunzitsi oyandikana nawo awaikira kale apu. Pamaso pa foni si pamaso?

Lachiwiri

Miting'i yoyamba ya pa vidiyo! Ndavala jekete. Pansi kabudula, koma ndani akuona?

Zooneka:

Achemwali auma pafoni ngati chithunzi, kukamwa kuli yasa. Akhala choncho miting'i yonse. Chibadwire sindinawaonepo ali chete nthawi yaitali chonchi.
Dayisoni akunong'ona atagwada m'mizere ya tiyi, kubisala kapitawo.
Alamu Juwawo akulowa, akutuluka, akulowa. Ati netiweki yawo imafunika chiphaso podutsa malire.
Amalume: khutu lokha. Khutu lalikulu, laubweya, ladzaza foni yonse.

Ndalankhula ngati nduna. Tambala wa aneba anaombera ndemanga kawiri. Chomwe tagwirizana palibe, koma apu yati miting'i yayenda bwino, ndiye ine ndingatsutse makina?

Khutu lalankhula kamodzi kokha: "Kodi mwana ameneyu miyendo inathyoka?" Taonani chikondi cha amalume. Amadera nkhawa thanzi langa.

Lachitatu

Ndinaika kuti ntchito zonse zithe lero m'mawa, chifukwa manijala weniweni sapatsa anthu mpata wopuma. Ndiye kwacha foni yonse ili psuu, ngati tomato wa pamsika. Kukongola! Tsopano aliyense akuona ulesi wa mnzake. Apu ikulizanso belu m'foni ya wochedwa, kumukumbutsa.

Uthenga wa mawu wochokera ku Joni. Ndachita kuika foni patali ndi khutu. "Iwe! Amalume athu afiire pamaso pa alamu? Munthu wa ku Milanje aziona nkhoswe yathu ikuliziridwa belu ngati mwana wa sitandade wani?"

Ndayankha mwaulemu kuti makina sadziwa imvi.

Masana, chozizwitsa! Makadi onse awiri a amalume abiriwira. Msoti wapezeka! Ngakhale kufika afika kale, chinkhoswe chisanafike n'komwe. Liwiro lotere Milonde sinalionepo. Ndauza makasitomala onse. Mmodzi wapempha kuti ndidzamuyendetsere maliro akadzamwalira.

Lachinayi

Kubiriwira kokhakokha! Foni yanga ikuoneka ngati esiteti ya tiyi mvula itagwa.

Apu imaonetsanso amene wadina, ndipo ndikaona misozi ikulengeza. Makadi a amalume wadina Esinati. La achemwali wadina Dayisoni, poti ndi akulu. La alamu adina achemwali, poti mlamu sachititsidwa manyazi. La Dayisoni adina alamu, kubweza ulemu. Aliyense kugwira ntchito ya mnzake! Mgwirizano wotere ngakhale ku Ulaya akuusowa. Ndipo waubweretsa ndani?

Mauthenga a lero:

Dayisoni: "Amene wapeza tenti uja Mulungu amudalitse, wandipeputsa."
Alamu: "Obirigadu kwa wogula mpunga. Ine ndingobwera ndi mimba."

Kudzichepetsa kwa anthu anga! Munthu wagwira ntchito koma akuthokoza wina.

Ndikuganiza zosintha chikwangwani cha shopu. "Wotchaja Mafoni" sizikundikwananso. Mwina: "Katswiri wa Maukwati a Mayiko Atatu."

Lachisanu

Achemwali atsika basi. Moni wawo: "Tenti ili kuti?"

Ndawaonetsa foni. Ayang'ana foni, ayang'ana bwalo. Pabwalo pali mbuzi.

"Alendo akhala pa foni yakoyo?"

Zikuoneka kuti pali kusamvana pang'ono pakati pa apu ndi dziko lapansi.

Tenti: palibe.
Mipando: palibe.
Mpunga: uli ku Milanje, m'sitolo ya mwini wake.
Thobwa: chimera sichinaperedwe n'komwe.

Aliyense akuti anangodina khadi la mnzake kuti asafiire pagulu. Ndipo aliyense, ataona lake labiriwira, anati wina wamuchitira kale, n'kupinda manja. Ulemu wa banja lino ndi woopsa kuposa njala.

Tsiku lonse kuthamanga. Mabenchi tabwereka kutchalitchi, ndasenza pamutu ine katswiri. Mpunga tapeza pa Chonde pomwe pano, wamiyala, mano adziwa okha. Amayi apamudzi atikonzera thobwa la tsiku limodzi, lomwe kunena zoona ndi phala lodzikweza.

Amalume sakuyankha foni. Koma awo ndiye sindikuda nawo nkhawa. Makadi awo anabiriwira poyambirira.

Loweruka

Akuchimuna afika kuchokera ku Thuchila dzuwa lisanapse. Masuti, zitenje zofanana, tambala wamkulu ngati mwana wa mbuzi. Akhala pamabenchi pansi pa mango. Akudikira. Tambala nayenso akudikira.

Nkhoswe yathu kulibe. Msoti kulibe.

Nkhoswe yawo yandiitanira pambali: "Bambo, ngati mwanayu alibe mwini, tiuzeni. Ife tambala sitimusiya pamudzi popanda womulandira." Ena ayamba kale kufunsa minibasi yobwerera. M'nyumba Esinati akulira, zodzola zonse zatsikira kuchibwano. Sanandikalipire. Wangoti, "Ankolo, ndinakufunsani Lolemba." Bola akanandimenya ndi mthiko.

Kabaza wa njinga yamoto! Milonde! Fumbi ndameza lokwana kuumba nyumba.

Amalume ndawapeza pakhonde, akusenda chinanazi, osavala ndi malaya omwe. Sanadzutse mutu.

"Foni yako ikuti ndinafika Lachitatu. Pita ukandipeze komweko."

Ndagwada. Pafumbi, ndi suti yobwereka, kabaza akuonerera. Ndanena zonse monga zimanenedwera: kuti mdzukulu wawo wapeza banja, kuti popanda iwo ife ndife ana, kuti ndabwera ndi miyendo yanga kudzawatenga. Amaliza chinanazi chonse kaye. Sanandigawire.

Kenaka alowa m'nyumba, atuluka atavala jekete, msoti kukhwapa. Azakhali, akazi awo, akundinong'oneza kuti msotiwo anaupatula Lolemba pomwe, jekete anasita Lachiwiri. Amangodikira munthu.

Panjinga atatu: kabaza, amalume, ine kumapeto ndi msoti pamiyendo. Msoti wapereka maganizo ake pa suti. Kawiri.

Tafika dzuwa litapendeka, akuchimuna ataimirira kale. Amalume atsika pang'onopang'ono ngati palibe chachitika, apepesa ndi mawu ochepa, alandira tambala, apereka msoti. Nthungululu! Esinati akuseka ndi maso otupa. Ine ndaima kumbuyo kwa mango chifukwa cha fungo.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa. Mawondo asupuka. Mwini suti wainunkhiza kamodzi n'kunena kuti ndingoisunga.

Abale akumana pansi pa mango, pamaso, popanda bandulo. Za ukwati ayendetsa achemwali. Ine andipatsabe udindo, si anthu oipa: kukauza achibale onse za ukwatiwo, khomo ndi khomo, Milonde mpaka Milanje. Amalume ati andibwereka pampu ya njinga.

Apu yatumiza uthenga wa maluwa ndi nyenyezi, kuyamikira timu yathu chifukwa chomaliza ntchito msanga. Ikuti tangotsala ndi khadi limodzi.

Ndatsegula. Pakati pa kubiriwira konse kuja pali khadi limodzi lofiira, psuu, kuyambira Lachitatu. KUYANG'ANIRA ZONSE.

Amalume anawadinira. Achemwali anawadinira. Ngakhale mlamu wa ku Milanje anamudinira. Sabata yonse anthu anga akhala akubisirana manyazi, koma langa aliyense analiona n'kulidutsa.

Ndadikira mpaka masana, mwina wina akumbuka.

Ndadina ndekha. Ndikupita kukapopa njinga.