Lufeyo Awaza Madzi Pabwalo la ku Canada

Aphunzitsi anu akakuuzani kuti mwambi uwu ndi wa makolo akalekale, ingovomerani kuti mukhoze mayeso. Koma zoona zake, ana inu, unayamba motere.

Kunali mkulu wina wa ku Nsundwe, dzina lake Lufeyo, amene kale ankayendetsa matola. Mwana wake Tiyanjane, namwino ku Canada, anamuitana pamodzi ndi mkazi wake Nankhoma kuti akaone dziko. Ananyamuka ndi thumba la ufa, monga tichitira tonsefe, ngati kuti kunjako anthu amadya mphepo.

Anafika nyengo yachisanu. Kumeneko kumagwa chinthu chotchedwa chipale chofewa, choyera ngati ufa wosefa, ndipo mphepo ikachiwomba imachiunjika mulu waukulu ngati chulu.

Mmawa wina Tiyanjane akunyamuka anati, "Ababa, ndigona kuchipatala komweko masiku awiri. Ndiwo zatha, ndiye mukagogode kwa mayi woyandikana nafeyu, akuthandizani. Galimoto musaikhudze. Chipale chikatseka njira, fosholo iyo, ndipo mchere uwo mumwaze pansi kuti pasaterere."

Chitseko chitangotsekeka, Lufeyo anatsonya.

"Mwamva, Nankhoma? Ine ndikapemphe ndiwo kwa mzungu, galimoto ili pakhomo? Ndipo mchere kumwaza pansi! Sukulu yamuwononga mwanayu. Lero mudya nkhuku yogula ine."

"Bambo a Tiya, msewu wa kuno simuudziwa."

"Zaka makumi awiri ndikudula matope a ku Nsundwe, mbuzi pamwamba, anthu kumbuyo. Lero ndiope ufa?"

Nyumbayo inali pakachitunda, ndipo kanjira ka galimoto kankatsetsereka kukalowa mumsewu. Lufeyo anatenga fosholo, nakolopola chipale chonse, nkukachiunjika kumunsi m'mbali mwa msewu. Analowa m'nyumba kukaotha zala. Potuluka anapeza mphepo yabweretsa china. Anakolopolanso. Ulendo uno akati aponye, mphepo inkamubwezera kumaso, china kulowa m'khosi mpaka kumsana. Ulendo wachitatu anayamba kuitukwana mphepoyo ndi mtundu wake womwe.

Kenako anaima, manja m'chiuno, nkuseka yekha.

"Nankhoma! Bweretsani ndowa! Ili ndi fumbi chabe. Inu posesa pabwalo kumudzi mumatani kuti fumbi lisauluke?"

"Ndimawaza madzi. Koma bwanji tiimbe kaye lamya kwa Tiya?"

"Mwana ndinamusintha matewera ine, andiphunzitse kusesa?"

Anawaza ndowa khumi ndi ziwiri, kuchokera pakhomo mpaka kumsewu. Chipale chinagonadi pansi. Mayi woyandikana nawo uja anaonekera pawindo akugwedeza manja onse awiri mwamphamvu. Lufeyo anavula chipewa nkumuweramira.

"Mwaona? Akuyamikira. Zaka zonsezi azungu akuvutika, osadziwa kuti nzeru ili ku Nsundwe."

Anamwa tiyi makapu awiri. Potuluka, kanjira kaja kanali kakuwala ngati galasi, madzi onse ataundana gwa! Phazi loyamba linathawa, lachiwiri linalitsatira. Pagalimoto anakafika chokwawa.

"Mwagwa kodi?" anafunsa Nankhoma ali pakhomo.

"Ndikuyang'ana matayala, mayi inu!"

Analowa, analiza injini, anaika giya yobwerera mmbuyo. Galimoto inanyamuka isanauzidwe. Anaponda mabuleki, zii. Anapondanso ndi mapazi onse awiri, ziii. Anapotoza chiwongolero kumanzere, galimoto inasankha kumanja. Inayamba kuzungulira. Lufeyo anaona nyumba, mtengo, Nankhoma atagwira kumutu, nyumbanso, mtengonso. Lufeyo, ndi imvi zake zonse, anaitana amayi ake amene anaikidwa kalekale.

Kenako phwaa! Galimoto inakamira mu mulu uja anaunjika yekha, mpaka m'mawindo. Zitseko zinakana kutseguka. Mphepo nayo, pokumbukira matukwano aja, inayamba kumukwirira bwinobwino. Chinatsala ndi hutala yokha, kulira ngati mbuzi yomangidwa pamvula.

Nankhoma anatenga mchere uja, akumwaza akuponda, akumwaza akuponda, mpaka kukagogoda kwa mayi uja. Awiriwo anafukula windo limodzi ndi fosholo, nkumukoka Lufeyo ndi lamba wa buluku. Nsapato imodzi inatsala momwemo.

Masana, Lufeyo ali m'mabulangete atatu, mano akuombana, anaona Nankhoma akulowa ndi kambale kovundikira. Chingerezi Nankhoma sankachidziwa, koma kwa mayi woyandikana nawo uja anali atakupiza zigongono ngati thadzi mpaka mnzake uja anamva, nkumupatsa ntchafu imodzi ya nkhuku. Nankhoma anaphika nsima, anakhala pansi, ntchafu ija mbali yake. Patsogolo pa mwamuna wake anaikapo mbale ya madzi.

"Ndasamba kale m'manja, Nankhoma."

"Si osamba amenewo."

"Nanga ndiwo zanga?"

"Ndi zomwezo, bambo a Tiya. Inu vuto lililonse mumathana nalo ndi madzi."

Lufeyo anayang'ana ntchafu, anayang'ana mbale. Njala ilibe ulemu. Anatema mbamu, anaiviika, anameza maso ali kudenga.

Nthawi yomweyo lamya inalira. Anali Tiyanjane.

"Amayi, zikuyenda? Ndiwo mwapeza? Nanga ababa ali bwanji?"

Nankhoma anamaliza kaye kukukuta fupa, nkuyankha mofatsa:

"Ali bwino, mwanangu, akudya. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi."