A Dinani ndi Kompyuta ya Pakona

Musamve za anthu, a Dinani sanalowe mu kompyuta. Tinawaika m'manda tonse tikuona. Zoti makina a pakona aja amayankhula ngati iwo n'zoona, koma khalani pansi ndikuuzeni.

Dzinali tinawapatsa ndife, poti pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti, "Lembani, kenako dinani batani." Ntchito yawo inali kukonza maphunziro a pulogalamu yathu yotumizira katundu, ija yopanda zithunzi, sikirini yakuda bii, kamzere kakungophethira kudikira kuti ulakwe. Wina akanangolemba buku. Iwo ayi, ankafuna ulembe lamulo wekha, makina n'kukuyankha pomwepo.

Nthenda yawo inali imodzi: phunziro silinkatuluka lisanayesedwe pa amayi osesa mu ofesi.

"Achemwali, tsamiritsani tsachelo, mubwere mudzandilakwitsire."

"Inu, ine sukulu ndinalekera panjira."

"N'chifukwa chake ndaitana inu. Ophunzirawa umbuli amaubisa, inu mumauyanika padzuwa."

Amayiwo ankakhala pamphepete pa mpando, n'kumajompha zilembo ndi chala chimodzi ngati nkhuku. A Dinani ali pa mpando wawo kumbuyo ndi kope. Akadumpha chilembo, mkuluyo ankawomba m'manja. Tsiku lomwe amayiwo analemba lamulo lonse chobwerera, a Dinani anatsala pang'ono kugwa ndi chimwemwe.

"Mukundiseka?"

"Ndikukolola, achemwali. Pitirizani."

Cholakwa chilichonse chinkalowa m'phunziro ndi yankho lakelake. Ngakhale abwana, akuonetsera alendo, makina anawafunsa kuti, "Mukuthamangira kuti, achimwene? Werengani kaye."

A Dinani atamwalira, kunabwera makalaliki atsopano osawadziwa. Mmodzi analakwitsa, sikirini n'kulemba kuti, "Chala chimenecho n'chonenepa, yesaninso." Anatuluka liwiro, nsapato n'kutsala pansi pa tebulo. Mphekesera ya mzimu inayambira pamenepo, ndipo abwana analamula kuti Lachisanu maphunzirowo afufutidwe.

Amayi osesa aja mtima unawawawa. Abwana anali atalonjeza a Dinani kuti amayiwo akamaliza maphunziro onse khumi adzawapatsa desiki, ndipo linawatsalira limodzi, limene a Dinani anamwalira asanawayese nalo. Lachinayi masana anatsamiritsa tsache osaitanidwa, n'kukhala pa kompyuta ija. Tonse tinaima kumbuyo kwawo, tikunamizira kufuna madzi.

Phunzirolo linali lofufuta mafayilo akale. Analemba pang'onopang'ono, n'kudina. Sikirini inati zonse zafufutidwa, zakale ndi zatsopano zomwe. Anagwira kumutu. Desiki ija anaiona ikupita.

Kenako mawu anatuluka: "Ndinadziwa, achemwali. Palibe chatayika, izi n'zoyeserera. Pukutani thukuta muyambenso."

Anaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha, misozi inapitirira yokha. Ulendo wachiwiri sanaphonye ngakhale chilembo, ndipo makina anati, "Mwamaliza. Tsache lija mupatse wina."

Abwana anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga. Lachisanu linafika n'kudutsa, palibe anakhudza kanthu.

Lero amayiwo ali pa desiki, ndipo ndi iwo amene amakabweza makalaliki othawa. Koma ofesi yazizira. Ukalakwitsa palibe wowomba m'manja, umangoyang'ana uku ndi uku n'kukonza mwakachetechete ngati wakuba. Mpando wa kumbuyo uja palibe amaukoka.

Si mzimu ayi, munthuyo anangokhala nafe mokwanira kudziwa pamene aliyense adzapunthwe.